Nyerere pa Fulasiki ya Che Sidik

M'nyumba mwa Maryam munalibe shuga. Sikuti anali wosauka kuposa anzake a pa Ntaja, iyayi, anachita kumuthamangitsa yekha. Tsiku limene achipatala ananena kuti amuna ake, Che Sidik, ali ndi matenda a shuga, Maryam anangofika kunyumba, osavula n'komwe mpango wa paulendo, n'kunyamula chitini chonse kukakhuthula kuchimbudzi. Ana analira. Alendo akamwa tiyi wa pakhomopo ankatuluka akutsinana. Oyandikana nawo anati mkazi wa ku Ulongwe uja kuumira kwake kwafika pena. Iye analibe nazo ntchito. Pakamwa pa anthu ankapadziwa bwino, komanso pake sipanali pochepa.

Che Sidik anali telala, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa, woti ukawaponda chala amayamba kupepesa ndi iwo. Ankasoka pa khonde la tiyirumu ya mlongo wawo wamkulu, Abiti Yunusu, pafupi ndi pamene akabaza amaimika njinga. Makina awo anali akale aja opalasa ndi phazi. Manja ankangowongolera nsalu, koma lodyetsa banja linali phazi lamanja, limene linkayamba kugwedeza chitsulo m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Maryam ankakonda kunena kuti iye anakwatiwa ndi phazi limenelo, munthuyo anangobwera ngati basela.

Ndiye phazi lomwelo linalasidwa ndi singano yothyoka, mwini wake osamva, poti mapazi anali atachita kale dzanzi ndi matendawa. Anaona ndi Maryam, m'mawa wina amuna akewo akusamba mapazi kuti aswali. Kanali kabala kakang'ono kunsi kwa chala chachikulu, kofiira m'mbali. Anakatsuka ndi madzi amchere, achipatala anamangapo bandeji, koma kabalako kanakana kupola.

Nthawi imeneyo ndi pamene pa chipatala chawo chaching'ono panafika anthu a kafukufuku. Ankafuna kuyesa lemonigirasi, udzu wonunkhira uja anthu amaphikira tiyi, kuti aone ngati n'zoona kuti umatsitsa shuga m'thupi monga ambiri amanenera. Amene analankhula ndi odwala anali nesi wachitsikana, dzina lake Patience, wa mawu ochepa koma omveka.

"Tamvetsetsani, makolo anga," anatero Patience. "Sitikunena kuti udzuwu ukuchiza. Ifenso sitikudziwa, n'chifukwa chake tikuyesa. Mapilitsi anu musasiye. Tiyiyu muzimwa m'mawa, masana ndi madzulo, masamba tikupatsani ndife oyeza kale. Koma shuga osathira. Ngakhale kakunsonga kwa supuni, osathira. Sabata iliyonse muzibwera tidzabaye chala tione."

Maryam sanafune kumva kawiri. Udzuwo ankaudziwa. Amayi ake ku Ulongwe ankaumwa, ndipo iyenso anali ndi phata lake kuseri kwa bafa, pamene madzi osamba amatsikira. Pamene Patience ankafunsa kuti ndani akufuna kulowa nawo, Che Sidik anali akuganizabe, koma mkono wawo unali kale m'mwamba, atauimika ndi mkazi wawo.

Tiyi wa m'mawa ndi wa madzulo ankawamwetsa yekha, ataima pambali mpaka kapu iume. Wa masana ankathira mu fulasiki yofiira, n'kuika m'chikwama chawo cha ulusi. Madzulo fulasikiyo inkabwera yopanda kanthu, yotsukidwa bwino, ikununkhira sopo. Maryam ankati chamumtima, kani alamu anga aja nawonso amakhala ndi tsiku lochita chabwino.

Pajatu iye ndi Abiti Yunusu sankamwerana madzi. Mayiwa ndi amene analera Che Sidik makolo atamwalira, kuwabereka kumsana, kuwatafunira chinangwa, ndipo mpaka lero ankawaona ngati kamwana kawo kamene mkazi wina wobwera anangobwereka. Tiyirumu yawo inkadziwika pa Ntaja ponse ndi chinthu chimodzi: tiyi wake supuni inkachita kuima. Kwa Abiti Yunusu shuga wa m'kapu ndi amene ankaonetsa kukula kwa munthu. Wakabaza masupuni awiri, mwini golosale atatu, shehe akabwera ankangopendeketsa chitini. Maryam ankazidziwa zonsezi. N'chifukwa chake tsiku loyamba anapita yekha kukanena maso ndi maso.

"Alamu, ali mu fulasikimu ndi mankhwala. Azimwa mmene alilimo."

"Tamva, alamu," anayankha Abiti Yunusu, maso ali pa ketulo.

Masabata anadutsa. Odwala anzawo akabayidwa chala, ena nambala inkatsika pang'ono, ena inkangoima pomwepo, ena lero yatsika mawa yakwera. Ya Che Sidik yokha inkadziwa njira imodzi, yokwera. Anaonda mpaka kolala ya malaya inkachita kulendewera. Ludzu silinkatha. Kabala kaja kanasiya ubwana, linakhala bala lenileni, lotuluka madzi, m'mbali mwake mukuda. Maryam anachotsa mbatata pa chakudya chawo, anachotsa nthochi, ufa woyera anausiya n'kuyamba mgaiwa, mpaka munthu wa Mulungu anatsala pang'ono kumadya mphepo. Nambala ikukwerabe. Mantha anayamba kumudya Maryam, ndipo iye mantha akamugwira sankanjenjemera ngati anthu ena, ankapsa mtima.

Tsiku lina madzulo Che Sidik anaweruka msanga, atanyamulidwa pa kabaza, phazi litatupa. Fulasiki inangoikidwa pansi kuseri kwa chitseko, aliyense ali kalikiliki ndi phazi. M'mawa mwake anapita kuchipatala. Patience anamasula bandeji, anayang'ana, nkhope yake inagwa. Kenako anakoka mpando n'kukhala moyang'anana ndi wodwalayo.

"Bambo, ndifunse inuyo. Pali china chotsekemera chimene mukudya kapena kumwa? Musaope, sindikukalipirani."

Che Sidik anatsegula pakamwa. Mwina akananena. Sitidzadziwa, chifukwa Maryam anali atalumphira kale. Chikwatiranireni, funso lopita kwa amuna ake linkafikira pa iye.

"Chotsekemera? Kwanga? Inu a nesi, mukundidziwa bwino ine? M'nyumba mwanga ngakhale nyerere zinasamuka kalekale chifukwa cha njala! Tiyeni mukafufuze, mukagudubuze miphika yonse. Munthuyu ndinabwera naye pano akuyenda yekha, kabala kake kali ngati kanjere ka mapira. Mwam'mwetsa udzu wanu, ndiye taonani lero. Mwalephera, basi mukufuna mundipake ine? Iwe mwana iwe, zinthu zanuzi bwanji osakayesera pa abambo ako kutauni? Mwaona kuti ife a ku Machinga ndife mbuzi, tizingodya udzu tili chete?"

Odwala a pa benchi panja anasuzumira pakhomo. Patience anadikira mpaka mvula inakata.

"Mayi, kalipani, ndikumva. Tiyi asiye lero lomwe, ndawachotsa m'kafukufuku. Koma phazi ili si la pano ayi. Likufunika ku chipatala chachikulu ku Liwonde, lero kapena mawa, osati sabata yamawa."

"Sukulu zikutsegulira, sista," anatero Che Sidik ndi kamawu kawo kaja. "Mayunifolomu a eni ake ali mulu. Ndingomaliza kaye, Inshallah, kenako tipita."

"Bambo, mukachedwa nalo mukalisiya komweko," anatero Patience.

Koma Che Sidik, amene sankatha kukana chilichonse, analinso ndi luso lina la anthu ofatsa, lovomera ndi mutu kenako n'kuchita zawo. Atatuluka anakwera kabaza wa kumsika, kumakina. Maryam anabwerera kunyumba wapansi, akulankhula yekha njira yonse.

Atafika anatenga khasu. Phata lija la kuseri kwa bafa, limene silinalakwire munthu, analizula ndi mizu yomwe, akulitukwana ngati likumva. Mapaketi a masamba ochokera kuchipatala anawaponya pamoto. Bwalo lonse linanunkhira bwino, zimene zinangomuwonjezera ukali. Thukuta lili kamukamu, analowa m'nyumba kuti amwe madzi, ndipo pansi anaona mzere wakuda.

Nyerere.

Anaima, chikho chili m'manja. Nyererezo zinachokera pa mng'alu wa pakhomo, zinadutsa kunsi kwa tebulo osaima, dengu la ufa zinalipitirira osalonjera n'komwe, n'kukathera kuseri kwa chitseko. Pamenepo panali fulasiki yofiira ija, chivindikiro chake chili bii.

Anaitsegula. Munali motsala pang'ono. Tiyi amene iye anathira dzulo lake anali wobiriwira, woonekera pansi, koma uyu anali woyera ndi mkaka. Anathira padzanja n'kunyambita. Tseketseke! Lilime lake, limene linaiwala kukoma kwa shuga zaka zonsezi chifukwa cha munthu mmodzi, linachita kudzidzimuka. Apa anamvetsa chifukwa chake fulasiki inkabwera yotsukatsuka, ikununkhira sopo.

Sanalire. Anamanga chitenje china m'chiuno, anatenga fulasiki ndi nyerere zake zomwe, n'kuuyamba wa kumsika. Wakabaza wina anayamba kumuitana, koma atamuona nkhope anangotembenuza njinga.

Inali nthawi imene anthu amakhala atangotuluka mumzikiti masana, ndipo m'tiyirumu munali modzaza azibambo, makapu ali m'manja, masikono ali pa mbale. Pa khonde makina anali kulira. Che Sidik anali atawerama pa nsalu ya yunifolomu, akupalasa ndi phazi lotupalo, mano ataluma. Pambali pa makina panali kapu ikufuka nthunzi. Poti lero fulasiki kunalibe, mlongo wawo anali atawakonzera tiyi wa pamalo, weniweni.

Maryam anamenyetsa fulasiki pa tebulo la makina. Makina anaima.

"Alamu! Tulukani!"

Abiti Yunusu anatuluka akupukuta manja, mayi wathupi lake, woyenda mosafulumira pa malo pake.

"Salaam aleikum kaye, alamu. Kwagwanji?"

"Moni wanga ali umu. Lawani."

Abiti Yunusu anayang'ana fulasiki, anayang'ana nyerere zikubalalika pa nsalu ya eni ake. Maryam ankayembekeza kuti akana, kapena agwetsa nkhope. Koma iwo anangokweza mapewa.

"Ndilawirenji? Ndinakonza ndine."

"Mukuvomera?"

"Elo, ndimathira. Nanga ndibisirenji? Mankhwala anu sindichotsa, amakhala momwemo. Ine ndimangotenthetsa, n'kuika kamkaka ndi shuga kuti chikhale chinthu chomwa munthu. Tsiku loyamba lija ndinalawa. Madzi a zii, ngati otsukira mbale! Mlumbu wanga, mlongo wanga weniweni, munthu wa ndevu zake, akhale pa khonde langa, pa tiyirumu yanga, azimwa madzi a udzu anthu akuona? Wakabaza amene sindikudziwa n'komwe kwawo ndim'thirire, wa bere limodzi ndi ine ndim'mane? Anthu azinena kuti Abiti Yunusu waumira mpaka kwa m'bale wake? Tamuonani mmene waonderamu! Kunyumba mukum'mana, ndiye kuno ndim'manenso?"

"Ndinakuuzani kuti munthuyu akudwala shuga!"

"Odwala shuga alipo angati pa Ntaja pano? Onse amamwera pompano, akuyenda. Inu kungofuna kuoneka odziwa. Mwana ndinalera ndekha, lero mundiphunzitse kum'dyetsa?"

Bambo wina wachikulire anasuzumira pawindo. "Mayi, za m'banja zimakambidwa kunyumba."

"Kunyumba kwanga kulibe mlandu, bambo," anatero Maryam. "Mlandu uli pano. Imwani tiyi wanu."

Atatero anagwada pansi. Ena anayesa akupepesa, poti mkazi akagwada pamaso pa alamu ake aakulu nkhani imakhala yatha. Koma iye analowetsa manja kunsi kwa makina, anagwira mwendo wa amuna ake, n'kuukokera poyera.

"Abiti Jamali, chonde, pali anthu," anatero Che Sidik, kumutchula mkazi wawo monga ankamutchulira masiku onse.

Iye anavula sokosi. Anamasula bandeji imene Patience anamanga m'mawa, kuzunguliza, kuzunguliza, mpaka inathera m'manja mwake. Fungo linafika m'tiyirumu anthu asanaone n'komwe. Makapu anatsika pa matebulo. Mnyamata wina anatuluka sikono ili m'manja, osatembenuka. Chala chachikulu chinali chitada, chinzake chikutsatira, ndipo pa bala paja panali poti munthu sungayang'ane kawiri.

Abiti Yunusu anali asanalionepo. Che Sidik ankalibisa mu sokosi, kunsi kwa makina, kuti mlongo wawo asadandaule.

"Ulemu wanu uja ndi uwu, alamu," anatero Maryam, akadali chogwada. "Tauonani bwino. Masupuni anu onse aja ali apa. Sanapite kwina."

"Ya Allah!" Abiti Yunusu anagwira mzati wa khonde. "Sidik, mwanawe, bwanji osanena?"

"Eya, afunseni!" Maryam anadzuka n'kutembenukira amuna ake, ndipo apa mawu ake ananjenjemera, chifukwa ukali wa kwa alamu unali wakale, wozolowereka, koma uwu unali watsopano ndipo unkapweteka. "Inu! M'mawa uno mwandisiya ndikutukwana mwana wa eni ake kuchipatala, inu muli phee, mukudziwa. Ndazula udzu wanga. Ine zaka zonsezi ndikumwa za zii pamodzi ndi inu kuti musamve kusalidwa, ana anga akukula osadziwa phala lotsekemera, kani inu masana mumadzachita phwando kuno?"

Che Sidik anayang'ana ulusi umene unali m'manja mwawo.

"Ndikanatani, Abiti Jamali? Dzanja limene linandilera likundipatsa kapu, ine ndibweze? Anthu akuona? Ndinkati kakapu kamodzi patsiku sikangatani. Ndinkati mankhwala ali momwemo."

"Ndiye munaona kuti bola phazi liwole kusiyana n'kuti alongo anu akhumudwe."

Ndipo zinali zoona.

Za mayunifolomu Maryam sanafunsenso munthu. Anavindikira makina ndi nsalu, anakodola wakabaza, anakweza amuna ake ngati thumba la chimanga, iye n'kukwera ina, fulasiki ili kukhwapa. Atafika kuchipatala anapeza Patience akutsuka m'manja. Kupepesa Maryam sankakudziwa poyambira pake. Anangotsegula fulasiki n'kumupatsa.

"Nunkhizani. Alamu anga. Masana aliwonse."

Patience ananunkhiza, anatsinzina pang'ono. Anatuluka kukafunsa za galimoto yopita ku Liwonde. Atabwerera, Maryam anamugwira mkono, mawu atatsika.

"Ndiye udzu uja, akanamwa bwinobwino, ukanawathandiza?"

"Sindikudziwa, mayi. Kafukufuku sanathe. Koma pa bambowa sitidzadziwanso."

Mawu amenewa anamulasa kuposa chipongwe chilichonse. Masabata onse aja, kudzuka m'mamawa, kuyeza madzi, kuimirira pambali mpaka kapu iume, kani chinthucho sichinayesedwe n'komwe.

Ku Liwonde madokotala anayesetsa. Anatsuka, anabaya majakisoni, anadikira kuti aone ngati kuda kuja kuima. Sikunaime. Anadula phazi pakati, zala zonse zinapita, kunatsala chidendene ndi kachigawo. Maryam ankagona pansi pambali pa bedi monga amachitira onse odikirira odwala, ndipo chilichonse cholowa m'kamwa mwa amuna ake chinkayamba chadutsa pa lilime lake.

Abiti Yunusu anabwera Lamlungu, nthawi yoona odwala. Maso anali otupa, ndipo sikunali kunamizira, mayiwa anali atalira zenizeni. Anali ataonda nawonso. Anakhala m'mphepete mwa bedi, anagwira mutu wa mlongo wawo ngati wa khanda, akulankhula Chiyao chapansipansi. Maryam mtima unayamba kufewa, ndipo zinamunyansa kuti ukufewa. Kenako mayiwo anatsegula dengu, poti munthu sapita kukaona wodwala chimanjamanja. Anatulutsa fulasiki yatsopano ndi kapu.

"Ndi udzu womwe uja, alamu. Ndachita kukapempha kwa anthu. Mkaka mulibe."

Anathira. Fungo la lemonigirasi linadzaza pakona ponse. Maryam analanda kapu ili m'njira, n'kupsontha.

Tiyiyo sanameze, anakhala naye m'kamwa.

"Ndachepetsa, alamu," ananong'ona msangamsanga Abiti Yunusu. "Wallahi, kasupuni kamodzi kokha, kosadzaza n'komwe. Munthu wachoka kumpeni, angamwe za zii? Anthu a m'wodi muno aziti mlongo wake wabwera ndi madzi?"

Chimene chinamupweteka Maryam sichinali kasupuniko. Chinali dzanja la amuna ake. Linali litatambasuka kale pamwamba pa bulangeti, lotsegula, likudikira kulandira. Phazi lili m'mabandeji, theka lake litatayidwa, koma dzanja likadali lomwe lija.

Anapita pawindo, analavula, anakhuthula kapu, anakhuthulanso fulasiki yonse mpaka dontho lomaliza. Anaitseka bwinobwino n'kuibweza m'dengu. Anthu a m'wodi ankayembekeza phokoso, koma Maryam analankhula motsitsa, ndipo amene ankamudziwa akanakuuzani kuti pamenepo ndiye poopsa.

"Akatuluka muno sabwerera ku Ntaja. Mwambo mukuudziwa, alamu, ndi wanu womwe: mwamuna amakhala kwa mkazi. Ine ndinasiya mudzi wanga ku Ulongwe, ndinasiya munda wa amayi anga, kutsatira makina aja pa khonde lanu, abale anga akundiseka. Ndinkachita ulemu. Ulemu umenewo wathera pawindo apo. Mukafuna kuwaona mudzabwere, khomo ndi lotsegula, koma dengu mudzalisiye kwanu."

"Mukundilanda mlumbu wanga?"

"Ndikutenga amene mwandisiyira."

Abiti Yunusu anayang'ana mlongo wawo kuti anenepo kanthu. Che Sidik anayang'ana kudenga. Munthu amene sanathe kukana kapu sakanatha kukana ulendo.

Makina anawoloka Shire ali pamwamba pa minibasi, atamangidwa ndi zingwe za mphira, miyendo ili m'mwamba. Ku Ulongwe anawaika pa khonde la nyumba ya malemu amayi ake a Maryam, kuyang'ana msewu wa ku Mangochi. Kuseri kwa bafa phata lakale la lemonigirasi linali likadalipo, litakula mopanda womuuza. Maryam ankathyola masamba n'kuphika, wa zii, pambali pa mapilitsi. Kaya ankathandiza kaya ayi, iye sankalonjezanso munthu.

Bala litapola, Che Sidik anayesa kupalasa ndi phazi lamanzere. Linali la dzanzi, losaphunzira, ndipo makina ankangobwerera m'mbuyo n'kudula ulusi. Anayesa tsiku lonse. Madzulo anavindikira makina, anakhala akuyang'ana magalimoto. Maryam anawaona, anatukwana nkhuku imene sinalakwe, n'kulowa m'nyumba.

M'mawa mwake mayi wina anabwera ndi chitenje kuti apinde m'mphepete. Che Sidik anayamba kupepesa kuti sangathe. Maryam anatuluka ndi kampando, anakaika pambali pawo mothithikana, anakwinya chitenje chake mpaka m'mawondo, n'kuponda chitsulo chija ndi phazi lake.

"Gwirani nsalu," anatero.

Makina analira. Iye ankapalasa monga ankachitira zonse, mwaukali, ngati chitsulocho chili ndi mlandu. Nsalu inkathamanga, manja a Che Sidik akuithamangira.

"Pang'onopang'ono, Abiti Jamali, msoko upindika."

"Upindike. Ine si telala."

Anawerama kuti aone ngati phazi lake laponda pakati, ndipo m'pamene anaona. Kunsi kwa tebulo, pambali pa mwendo wake, kachigawo kaja ka phazi la amuna ake kanali m'malere, mu sokosi yopinda kutsogolo, kakukwera ndi kutsika, kukwera ndi kutsika, kakupalasa mphepo pa liwiro lake lakale, lofatsa, la munthu wodziwa ntchito.

Maryam anakayang'ana. Maso anatentha, ndipo anafuna wina woti amukalipire, koma pa khondepo panalibe. Anapukuta nkhope ndi nsonga ya mpango. Kenako anachepetsa liwiro, pang'ono, pang'ono, mpaka phazi lake linayamba kutsika pamodzi ndi kachigawoko.